Kuona tauni yakale ya Regensburg muli pa ulendo wa njinga: njira zinayi ndi kusiyana kwake

Aliyense amene akupalasa njinga motsatira mtsinje wa Danube m'chigawo cha Bavaria ku Germany, kuchokera ku Kelheim kulunjika ku Straubing ndi ku Passau, amafika pa Regensburg, pakuti njira ya apanjinga yotchedwa Donauradweg, yomwe ndi mbali ya msewu wautali wa EuroVelo 6, imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa tauni yakaleyi. Asilikali a Chiroma anamanga linga lawo pamalopa m'chaka cha 179, mu ulamuliro wa Marcus Aurelius, ndipo chidutswa cha chipata chawo, Porta Praetoria, chikadalipo mpaka lero, chitalowerera m'khoma la nyumba imene inamangidwa pambuyo pake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabomba ambiri anagwera pa fakitale ya ndege ya Messerschmitt kunja kwa tauni, pakatikati n'kupulumuka, kotero kuti nyumba zakale pafupifupi 1,000 zikadali chiimire m'dera limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006.

Zoti n'kuona sizisowa. Chimene chimasautsa wapanjinga n'chakuti afika ali ndi njinga yodula ndi zikwama zolemera zopachikidwa ku kaliyala, pomwe zinthu zambiri zimene zinatchukitsa tauniyi zili m'kati mwa matchalitchi, m'zipinda zapansi ndi m'tinjira topanikizika, kumene njinga singalowe. Choncho musanafunse kuti muona chiyani, yambani mwadzifunsa kuti njinga ndi katundu zikhala kuti pamene maso anu ali kwina. Njira zinayi zimene ndayerekeza pano zimasiyana makamaka pa mfundo imeneyi.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi mtengo, ndipo apa sitikunena za tikiti yokha ayi. Tsiku limene mwaima pamalo amodzi limabwera ndi usiku wina wolipira kogona, chakudya cha m'tauni chimene chimadula kuposa cha m'midzi ya m'njira, ndiponso makilomita amene muyenera kudzawabweza mawa lake ngati tsiku lokwerera sitima kapena ndege linakhazikika kale.

Chachiwiri ndi kapezekedwe: kodi njirayo ilipo pa tsiku ndi pa ola limene inu mukufika? Ku Germany masitolo satsegula Lamlungu, ku Bavaria amatseka pofika 8 koloko madzulo masiku ena onse, ndipo nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimapuma Lolemba. Maboti ndi maulendo ambiri oyenda ndi wotsogolera alendo amachuluka kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala. Ubwino wake ndi wakuti mu Juni dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, moti wofika madzulo amakhalabe ndi maola owala.

Chachitatu ndi zoyenera kusamalira, kutanthauza ntchito imene njirayo ikupatseni: kumasula ndi kumanganso zikwama, kutchaja batire la njinga yamagetsi, kusintha nsapato, kusunga nthawi. Chachinayi ndi zoopsa, ndipo chachikulu pa zonse ndi kuba. Apolisi a ku Germany amalandira madandaulo a njinga zobedwa oposa 200,000 chaka chilichonse, ndipo kwa munthu amene ali pakati pa ulendo, kubedwa kwa njinga ndiko kutha kwa ulendowo. Palinso malamulo a pamsewu. Amene tinazolowera kuyenda kumanzere, kaya ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa kapena ku Britain, tiyenera kukumbukira kuti kuno amayenda kumanja, ndipo mutu umasokonezeka makamaka pokhota m'mphambano zopanda zikwangwani, kumene wochokera kudzanja lamanja ndiye ali ndi ufulu woyamba kudutsa.

Njira yoyamba: kusiya njinga kumalo ogona n'kuyenda pansi nokha

Mtengo. Ndalama yaikulu imapita ku usiku wowonjezera, chifukwa kuti njirayi ikupindulireni muyenera kugona masiku awiri, kapena kufika masana n'kunyamuka mawa lake dzuwa litakwera. Kupatula pamenepo, zambiri zimene muone n'zaulere. Tchalitchi chachikulu cha Dom St. Peter, chimene anayamba kumanga cha m'ma 1270 n'kudzamaliza nsanja zake ziwiri za mamita 105 m'chaka cha 1869, amalowamo osalipira. Chimodzimodzinso mlatho wamiyala wa Steinerne Brücke, tchalitchi cha Alte Kapelle chimene m'kati mwake munadzaza zokongoletsa zagolide, khomo lakale la tchalitchi cha St. Jakob lokhala ndi zosema zodabwitsa, ndi malo ofotokozera mbiri ya tauni m'nyumba ya Salzstadel, momwe kale ankasungiramo mchere. Mumalipira pokhapokha mukafuna kulowa m'nyumba zosungiramo zakale, monga Haus der Bayerischen Geschichte imene inatsegulidwa m'chaka cha 2019 m'mbali mwa mtsinje.

Kapezekedwe. Funafunani malo ogona okhala ndi chizindikiro cha Bett+Bike, chimene chimaperekedwa ndi bungwe la apanjinga la ADFC. Malo otere amalonjeza kulandira mlendo ngakhale wa usiku umodzi wokha ndi kumusungira njinga m'chipinda chokhoma. Pali nyumba yogona achinyamata pa chilumba cha Unterer Wöhrd, kamtunda kochepa kuchokera pakatikati, ndipo oyenda ndi tenti ali ndi malo awo m'mphepete mwa mtsinje kumadzulo kwa tauni. Pakati pa Juni ndi Ogasiti, komanso pa nthawi ya chisangalalo cha Dult chimene chimachitika mu Meyi ndiponso kumapeto kwa Ogasiti, zipinda zimatha msanga, choncho sungitsani malo masiku angapo musanafike. Funsaninso mwachindunji kumene njinga ikagone. Nyumba zina za m'tauni yakale zimasungira njinga m'chipinda chapansi chotsikira pa masitepe opapatiza, ndipo kutsitsa njinga yamagetsi pamalo otere si ntchito ya munthu mmodzi wotopa.

Zoyenera kusamalira. Tsiku lopuma ndilo tsiku lochapa zovala, kudzoza tcheni mafuta, kuyang'ana mabuleki ndi kutchaja mabatire, ndipo ngati masipoko kapena magiya ayamba kuvuta mukhoza kusiya njinga kwa okonza m'mawa n'kudzaitenga madzulo, bola lisakhale Lamlungu. Tengani nsapato zopepuka zoyendera pansi. Nsapato zopalasira zokhala ndi tizitsulo kuphazi zimaterera pa miyala yoyalidwa mumsewu, ndipo m'tchalitchi zimachita phokoso limene limatembenuza makosi a anthu opemphera.

Zoopsa. Pa nkhani ya kuba, njira iyi ndiyo yotetezeka koposa. Choopsa chake n'china: mukhoza kuyenda tsiku lonse, kujambula zithunzi zambirimbiri, koma osamva zimene malowo akunena. Chitsanzo chimene chimandikhudza mtima ndi bwalo la Neupfarrplatz. Pamenepo pali miyala yoyera yosalala yoyalidwa pansi, pomwe ana amasewerera ndipo akuluakulu amakhalapo n'kumadya ayisikilimu. Munthu wosauzidwa amaiyesa mipando wamba, chonsecho miyalayo, imene anaikonza mmisiri Dani Karavan, ikulemba malire a sunagoge amene anagwetsedwa m'chaka cha 1519, pamene akuluakulu a tauni anathamangitsa Ayuda onse mfumu Maximilian I itangomwalira. Pansi pa bwalolo pali zipinda zotsala za mudzi wawo. Ngati mwasankha kuyenda nokha, yambirani ku Salzstadel, muthereko ola limodzi, mutengeko mapu, kenaka ndiye mulowe m'tinjira. Dziwaninso kuti kuyenda pa miyala kwa maola asanu ndi limodzi si kupuma, ndipo miyendo imene mumafuna kuipumitsa ikhoza kudzuka mawa lake ili yolemera.

Mwa njira zonse, ine ndimakonda imeneyi, makamaka chifukwa cha m'mawa. Magulu a alendo ochokera m'sitima zikuluzikulu za pa Danube amadzaza misewu dzuwa likakwera, koma amene wagona m'tauni akhoza kuima pa mlatho 7 koloko m'mawa, nkhungu ikadali pamadzi, n'kuona nsanja za Dom ndi za mabanja olemera akale, monga Goldener Turm, popanda womukankha. Wofika Loweruka amapindulanso, pakuti pa nthawi ya sukulu kwaya ya Regensburger Domspatzen, imene mbiri yake imayambira m'chaka cha 975, imaimba pa Misa ya Lamlungu m'mawa.

Njira yachiwiri: kuzungulira ndi njinga yosenza katundu, osaisiya

Mtengo. Palibe chimene mumalipira kupatula chakudya, ndipo simutaya tsiku. Wochoka ku Kelheim m'mawa, mtunda wa makilomita oposa 35, akhoza kufika chakumasana, kuthera maola awiri kapena atatu m'tauni, n'kupitiriza ulendo wake kukagona kumidzi ya kutsogolo kumene zipinda n'zotsikirako mtengo.

Kapezekedwe. Njirayi ilipo tsiku lililonse ndi ola lililonse, ndipo zimene zimaoneka kunja n'zambiri ndithu. Mlatho wa Steinerne Brücke, umene unamangidwa pakati pa 1135 ndi 1146 ndipo ndi wotalika mamita oposa 300, sulolanso magalimoto, moti ndi wa oyenda pansi ndi apanjinga okha. Pamwamba pake pali kachiboliboli ka Bruckmandl, kamunthu kophimba maso ndi dzanja koyang'ana ku tchalitchi, ndipo nthano ya kumeneko imati womanga mlatho anapikisana ndi womanga tchalitchi, napempha thandizo kwa Satana pomulonjeza mizimu itatu yoyamba kuwoloka, koma pa tsiku lotsegulira anatsogoza tambala, thadzi ndi galu. Mukawoloka mufika ku Stadtamhof, kumene msewu ndi wotakasuka ndipo n'kosavuta kukhala panja njinga ili pambali panu. Porta Praetoria, chithunzi chachikulu cha Davide ndi Goliati pa khoma la Goliathhaus, bwalo la Haidplatz ndi nyumba imene katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler anamwaliriramo m'chaka cha 1630, zonsezi mumaziona muli chigwirire njinga.

Pafupi ndi mlatho pali kanyumba kotchuka ka Historische Wurstkuchl, komwe amawotcha masoseji pa makala n'kuwapereka ndi kabichi wowawasa. Mabenchi ali panja, choncho njinga imakhala pamaso panu. Pa khoma lake analembapo mizere yosonyeza pamene madzi anafika pa zigumula zosiyanasiyana, ndipo mukaima pafupi mupeza kuti mizere ina ili pamwamba pa mutu wanu. Masosejiwo ndi a nkhumba, mfundo imene Asilamu, a Seventh Day ndi ena osadya nyamayi ayenera kuidziwiratu.

Zoyenera kusamalira. Misewu yambiri ya m'tauni yakale ndi ya miyala yoyalidwa, ndipo njinga yolemedwa imagwedezeka kwambiri pamenepo, moti zikwama zimalira ndipo mabauti a kaliyala amakhwepa pang'onopang'ono. Mukatuluka m'tauni imani, muyese mabautiwo ndi sipanala, muonenso ngati zokowera za zikwama zili m'malo mwake. M'dera la oyenda pansi mumaloledwa kupalasa pokhapokha pali chikwangwani chololeza njinga, ndipo ngakhale pamenepo liwiro lanu liyenera kufanana ndi la munthu woyenda. Anthu akachuluka, tsikani muziikankha. Munthu wamkulu wopalasa m'kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa msewu amalipitsidwa chindapusa, monganso wogwira foni m'manja akupalasa, ndiye ngati mapu anu ali mu foni, imangirireni ku chiwongolero kapena muziima poiyang'ana.

Zoopsa. Apa ndi pamene pagona vuto. Loko amateteza njinga koma sateteza zikwama, zimene munthu akhoza kuzinyamula m'kanthawi kochepa. Ine nditafika koyamba ndinakhoma njinga pafupi ndi Dom n'kulowa ndili ndi kachikwama ka pasipoti kokha m'manja. Ndinaima pansi pa mawindo a magalasi amitundumitundu a zaka za m'ma 1300, ndinapeza chiboliboli cha mngelo womwetulira chimene anthu amachikonda kwambiri, koma mtima wonse unali panja pa zikwama, ndipo sindinathe mphindi khumi. Katundu ndinamupeza ali bwinobwino, koma kunena zoona tchalitchicho sindinachione tsiku limenelo. Oyenda awiri akhoza kusinthana, wina kulowa wina kulondera, ngakhale kuti nthawi imawirikiza ndipo simuonera limodzi. Woyenda yekha avomereze kuti njirayi imamuonetsa kunja kwa tauni kokha. Mukakakamizika kusiya njinga, ikhomereni ku chitsulo chozikika pansi, loko adutse m'felemu, pamalo podutsa anthu, ndipo pasipoti, ndalama, foni ndi kachipangizo koyatsira njinga yamagetsi muzitenge.

Njira yachitatu: kuika zikwama ku siteshoni n'kuyenda ndi wotsogolera alendo

Mtengo. Mumalipira pawiri: timabokosi tokhoma ta ku siteshoni ya sitima, timene timadya mayuro ochepa pa maola 24, ndi ulendo woyenda ndi wotsogolera, umene pa munthu mmodzi m'gulu umakhala pakati pa mayuro 10 ndi 20. Zikwama zinayi ndi tenti sizilowa m'kabokosi kakang'ono, choncho werengerani kakakulu kapena tiwiri. Ngakhale zili choncho, ndalamayi ndi yochepa poyerekeza ndi usiku wa ku hotela.

Kapezekedwe. Siteshoni ya Hauptbahnhof ili kum'mwera kwa tauni yakale, ndipo kuchoka pamenepo kudzera mumsewu wa Maximilianstraße mumafika pa Dom m'mphindi zosapitirira 15. Matikiti a maulendo amapezeka ku ofesi ya alendo pa Rathausplatz. Maulendo a m'Chijeremani amakhalapo tsiku ndi tsiku pa nyengo ya alendo, koma a m'Chingerezi ndi owerengeka ndipo ali ndi maola ake, motero muyenera kuona ndandanda dzulo lake n'kukonza kapalasidwe kanu kuti mufike nthawi ilipo.

Chifukwa chenicheni chosankhira njirayi n'chakuti pali malo amene simungalowemo popanda wotsogolera. M'nyumba yakale ya khonsolo ya tauni, Altes Rathaus, ndi momwe nthumwi za mafumu ndi matauni a ufumu wakale wa Germany zinkakumana mosalekeza kuyambira 1663 mpaka 1806, ndipo holo imene ankakhalamo ikadali ndi mabenchi osanjidwa molingana ndi udindo wa aliyense. Pansi pa nyumba yomweyo pali ndende ndi chipinda chofunsiramo milandu, Fragstatt, momwe zipangizo zozunzira anthu zikadali m'malo mwake. Kutsika kuchokera m'holo ya olemekezeka n'kukafika m'chipinda chimenecho kumaphunzitsa za ulamuliro wa nthawi imeneyo kuposa kuwerenga kulikonse. N'chimodzimodzi ndi nyumba yachifumu ya St. Emmeram, imene kale inali ya amonke ndipo m'chaka cha 1812 inaperekedwa kwa banja la Thurn und Taxis, lomwe linalemera ndi ntchito yoyendetsa makalata ku Ulaya: zipinda zake amaonetsa pagulu, ndi tikiti yakeyake yokwererako mtengo.

Zoyenera kusamalira. Kumasula zikwama, kuzilongedza m'kabokosi, kukhoma njinga, kenaka kudzabwereza zonsezi pobwerera kumadya pafupifupi theka la ola mbali iliyonse. Khalani ndi ndalama zachitsulo za yuro imodzi ndi mayuro awiri, sungani bwino kiyi kapena kapepala ka nambala, ndipo tulutsiranitu jekete la mvula musanakhome.

Zoopsa. Katundu amakhala pabwino, koma njinga imatsala panja kwa maola atatu kapena anayi, ndipo kuzungulira masiteshoni ndi kumene akuba njinga amakonda. Ine ndimalangiza kuti zikwama zikalowa m'kabokosi, njinga yopepukayo muitenge mukaikhome ndi maloko awiri pakatikati pa tauni, pafupi ndi pamene ulendo ukuyambira. Timabokosi tikhozanso kudzaza pa masiku otanganidwa. Chinanso n'chakuti gulu lili ndi liwiro lake: wotsogolera akaima padzuwa kufotokoza kwa mphindi khumi, munthu amene wapalasa m'mawa wonse osadya amamva chizungulire, choncho idyani ndi kumwa madzi musanayambe.

Kwa amene miyendo yakana, pali kasitima ka matayala konyamula alendo kamene kamanyamukira pafupi ndi Dom n'kuzungulira kwa nthawi yosakwana ola limodzi, mawu ofotokoza akumveka m'zinenero zingapo. Kamathandiza kudziwa mmene tauni inayalidwira, koma m'tinjira topapatiza sikalowa.

Njira yachinayi: kuona tauni muli m'boti

Mtengo. Ulendo waufupi wozungulira pafupi ndi mlatho ndi zilumba, wosakwana ola limodzi, umafanana mtengo ndi ulendo wa wotsogolera. Wopita ku Walhalla, nyumba yokumbukira anthu otchuka imene ili pa phiri, ndi wodulirapo, ndipo kulowa m'kati mwa nyumbayo kuli ndi tikiti yake ya mayuro osafika 10, ngakhale kuti kukhala pakhonde n'kuyang'ana chigwa cha Danube n'kwaulere.

Kapezekedwe. Maboti amanyamukira kumunsi kwa Steinerne Brücke, makamaka kuyambira Epulo mpaka Okutobala. Walhalla ili ku Donaustauf, makilomita pafupifupi 10 kum'mawa. Inamangidwa pakati pa 1830 ndi 1842 molamulidwa ndi mfumu Ludwig I ya Bavaria, mmisiri wake anali Leo von Klenze, ndipo m'kati mwake muli ziboliboli za mitu ya anthu otchuka oposa 100, kuphatikizapo Albert Einstein ndi Sophie Scholl, mtsikana amene anaphedwa m'chaka cha 1943 chifukwa chotsutsa ulamuliro wa Hitler. Mfundo imene wapanjinga asaiphonye ndi iyi: ngati ulendo wanu ukulowera ku Straubing ndi ku Passau, njira ya Donauradweg idzakudutsitsani m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Walhalla mawa lake, ndiye kulipira boti n'kulipira chimene njinga ikupatseni kwaulere. Boti ndi loyenera amene akuthera ulendo wake pa Regensburg, kapena amene akukhotera kumpoto motsatira mtsinje wa Naab kapena wa Regen.

Zoyenera kusamalira. Boti silithetsa funso la njinga. Muyenera kuliphatikiza ndi njira yoyamba kapena yachitatu, apo ayi mufunse pogula tikiti ngati botilo likulandira njinga ndiponso pa mtengo wanji. Kuchokera kumtsinje kukafika pamwamba pa Walhalla pali masitepe 358, ndipo nthawi imene boti limakupatsani kumtunda ndi yowerengeka.

Zoopsa. Mtsinje uli ndi zake. Mu Juni 2013 ndiponso mu Juni 2024 madzi anasefukira ku Regensburg, ndipo zikatero maboti amaima, mbali zina za njira ya njinga n'kumira. Chilala chikakula madzi amachepanso mpaka kusokoneza maulendo. Komanso m'boti mumaona nkhope ya tauni yokha, madenga ndi nsanja, osalowa paliponse. Ngati ndalama yanu ya boti ndi ya ulendo umodzi wokha m'dera lino, ine ndingaigwiritse ntchito kumtunda, pakati pa nyumba ya amonke ya Weltenburg ndi Kelheim, kumene Danube amadutsa pakati pa matanthwe ataliatali, maboti amanyamula njinga, ndipo kukwera boti kumakupulumutsani ku chitunda.

Njira iti kwa yani

Woyenda yekha amene ali ndi tsiku lapadera m'ndondomeko yake agone masiku awiri pamalo okhala ndi chipinda cha njinga, ayende pansi, ndipo masana alowe nawo ulendo wa ku Altes Rathaus, popeza manja ake ali kale opanda katundu. Ayesetse kuti tsiku lopumalo lisagwere Lolemba ngati akufuna nyumba zosungiramo zakale, kapena Lamlungu ngati njinga ikufunika okonza.

Woyenda yekha amene sangagone koma ali ndi maola anayi kapena asanu asankhe timabokosi ta ku siteshoni ndi wotsogolera, ataona kale ola la ulendo wa chinenero chimene amamva. Ngati maola ake ndi awiri okha, asavutike ndi kumasula zikwama: awoloke mlatho, adye ku Stadtamhof kapena m'mbali mwa mtsinje, adutse pa Porta Praetoria, pa Neupfarrplatz ndi pa Haidplatz akukankha njinga, n'kupitiriza.

Awiri kapena gulu laling'ono lofulumira likhoza kukhala ndi njinga zosenza katundu n'kumasinthana kulondera, ndipo ngati mpata wolowa ndi wa malo amodzi okha, malowo akhale Dom. Banja loyenda ndi ana kapena ndi ngolo yokokedwa ndi njinga lipewe kuzungulira m'tinjira ndi katundu, chifukwa ngolo imakodwa m'miyala ndi m'miyendo ya anthu. Ligone m'tauni, ndipo ana akatopa likwere boti lalifupi kapena kasitima ka matayala.

Wa njinga yamagetsi ali ndi zifukwa ziwiri zogonera: njinga yake ndiyo imene akuba amaifuna kwambiri, ndipo batire limafuna maola angapo pa magetsi. Amene akuthera ulendo pa Regensburg n'kukwera sitima mawa lake asiye zonse kogona, apite ku Walhalla pa boti kapena pa njinga yopanda katundu, ndipo agulenso tikiti ya njinga ya m'sitima, chifukwa ku Bavaria tikiti ya munthu siphatikiza njinga yake.